Tabuleti idasowa ku Thavite, koma pakompyuta ikuonekabe yobiriwira

Sabata ziwiri tsopano pagulu lathu la WhatsApp la kuntchito sipakugonedwa. Chidautsa mapiri pachigwa ndi kalata yochokera kulikulu, youza aliyense amene amawerengera imelo ya kuntchito pafoni yake kuti alowetsemo pulogalamu ina yake yotchedwa MDM mwezi usanathe. Ena akuti a IT tapeza njira yowerengera mauthenga awo. Mayi wina wa ku ofesi ya zachuma wanenetsa kuti iwo ayi, poti mlamu wawo ku Lilongwe foni idafufutika yonse, ndi zithunzi za chinkhoswe zomwe, tsiku limene adasiya ntchito. Abwana nawo ali ndi lawo funso: ngati pulogalamu imeneyi timailipira chaka ndi chaka, zidatheka bwanji kuti tabuleti ya mlangizi wathu wa ku Thavite isowe masabata atatu popanda wodziwa?

Ndine mmodzi mwa anthu awiri a IT pabungwe lina lobwereketsa alimi mbewu ndi feteleza kuno ku Salima. Zipangizo zomwe timayang'anira zamwazikana kuyambira ku Chipoka mpaka ku Dwangwa. Anzathu akuopa kuti pulogalamuyi imaona zonse, abwana akudabwa kuti sidaone kanthu, ndipo mphamvu yake yeniyeni, yoyenera kuiopayo, palibe akuitchula.

Kodi MDM n'chiyani?

MDM ndi chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza kuyang'anira zipangizo zoyenda nazo: mafoni, matabuleti ndi malaputopu. Ili ndi mbali ziwiri. Ina imakhala pa seva, kompyuta yaikulu yomwe zipangizo zina zimalumikizana nayo, kawirikawiri seva ya kampani yogulitsa pulogalamuyo kunja kwa dziko, ndipo wa IT amaitsegula pa intaneti n'kuona mndandanda wa zipangizo zonse. Tsamba limeneli timangoti dashibodi, ngati ya galimoto. Mbali ina imakhala m'chipangizo chilichonse, kudikira malamulo: ika pasiwedi, lowetsa pulogalamu iyi, tseka kamera, dzitseke, dzifufute.

Kale ntchitoyi idali yosavuta poti makompyuta sankayenda. Windows 2000 idabwera ndi Active Directory ndi Group Policy, zomwe zinkalola wa IT kulamula makompyuta onse a mu ofesi ali pampando wake, malinga onsewo ali pa mawaya a ofesiyo. Zipangizo za BlackBerry za ku Canada, zomwe zidayamba mu 1999, zidali ndi seva yawoyawo. Zinthu zidasokonekera iPhone itatuluka mu 2007 ndi Android mu 2008, mabwana n'kuyamba kubwera kuntchito ndi mafoni awo akufuna imelo. Mu 2010 Apple ndi Google adatsegula njira zolamulira mafoni awo patali, ndipo Microsoft idatulutsa MDM yake yotchedwa Intune mu 2011. Mayina ena omwe mungamve ndi Jamf, yomwe imadziwika pa zipangizo za Apple, Workspace ONE, Ivanti, ManageEngine ndi Knox ya Samsung. Ogulitsa ambiri lero amakonda dzina lakuti UEM, pofuna kunena kuti foni, laputopu ndi zina zonse zili pa dashibodi imodzi.

Amene adagulapo foni yolipira pang'onopang'ono, ija imadzitseka ukadumphitsa tsiku lolipira, adakumana nalo kale luso limeneli, kungoti sadauzidwe dzina. Ndi za banja limodzi.

Lamulo limadikira padooko

Anthu amaganiza kuti wa IT akadina batani chipangizo chimamva pompo, ngati rimoti ya TV. Sizili choncho. Chipangizo ndi chomwe chimaimba kwawo, n'kufunsa kuti kodi pali lamulo latsopano, n'kunenanso momwe chilili. Malinga ndi zolemba za Microsoft, kompyuta yomwe ili pa Intune imachita zimenezi pafupifupi maola 8 alionse. Seva ingathe kugogoda msanga kudzera m'makina a Apple, Google kapena Microsoft otumizira tizidziwitso tija timatulukira pasikirini, koma kugogodako nako kumafuna intaneti. Popanda netiweki, bandulo kapena moto m'batire, palibe chimachitika.

Taganizirani mwini boti ku Senga Bay. Anyamata akanyamuka madzulo kukakoka chilimira, iye amatsala pamchenga. Mukamufunsa pakati pa usiku kuti boti lili bwanji, ayankha kuti lili bwino, mafuta ndi odzaza, nyali zikuyaka. Sakunama. Akunena za momwe lidalili ponyamuka. Ngati wasintha maganizo ndipo akufuna libwerere, mawu akewo adikira padooko mpaka m'mawa.

Tabuleti ya ku Thavite ija idapita choncho. Mlangizi adaisiya m'chikwama pamsika, pobwerera adapeza palibe. Poopa kudulidwa malipiro adangokhala chete, n'kumalemba mayina a alimi m'kope ngati kale. Ine m'mawa uliwonse ndinkatsegula dashibodi, tiyi ali pambali, n'kuona mzere wake uli ndi kadontho kobiriwira. Pasiwedi ilipo, mapulogalamu ndi oyenera, zonse zili m'chimake. Tsiku lomwe idalankhula komaliza lidalembedwa ndithu, koma kumapeto kwenikweni kwa mzerewo, komwe sikirini ya laputopu yanga sifika pokhapokha nditasuntha dala tsambalo. Sindidasunthe. Limeneli ndi langa, sindingalikankhire wina. Nkhani itaululika tidatumiza lamulo lofufuta, ndipo mpaka lero palembedwabe kuti likudikira.

Kadontho kobiriwira kaja tanthauzo lake ndi lochepa kuposa momwe timakawerengera. Kamanena kuti chipangizo chidakhoza mafunso omwe chidafunsidwa, tsiku lomaliza lomwe chidafunsidwa. Sikanena kuti chili m'manja mwa ndani lero. Zomwe sichidafunsidwe, monga ngati pasiwedi idalembedwa pakapepala komata kuseri kwa tabuleti, dashibodi sizidziwa.

Mwina muti bwanji osalamula kuti chipangizo chikakhala chete masiku atatu chizisanduka chofiira n'kutsekeredwa kunja? Zimatheka. Intune mwachitsanzo imayembekeza masiku 30 ngati simudasinthe, ndipo mungathe kuchepetsa. Koma chepetsani muone. Mlangizi wa ku Mwansambo, mvula yadula msewu, sola sikukoka chifukwa cha mitambo, afika potulukira netiweki tsiku lachinayi n'kupeza watsekeredwa, pomwe alimi ali pamzere kudikira makuponi awo. Mukatalikitsa masiku mwapatsa wakuba mpata, mukafupikitsa mwalanga wosalakwa. Omwe adasankha manambalawa ankaganizira ogwira ntchito omwe intaneti kwa iwo ili ngati mpweya.

Palinso zing'onozing'ono zomwe zimadya nthawi yathu kuposa akuba. Mafoni ambiri a Android, pofuna kusunga moto, amagoneka mapulogalamu omwe mwini foni sakuwatsegula, ndipo kapulogalamu ka MDM nako kamagonekedwa limodzi. Apudeti imodzi ya Windows imatha kudutsa gigabaiti, ndiye wogwira ntchito amene bandulo yake ndi ya mwezi wonse amazimitsa data akangoona kuti yayamba kutsika. Sindimuimba mlandu.

Chomwe chikuteteza mayina a alimi mu tabuleti yosowayo si batani lofufuta ayi. Ndi pasiwedi komanso kubisa kwa zonse zosungidwamo kuti zisawerengeke popanda pasiwediyo, zomwe zidaikidwa isanachoke mu ofesi. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo.

Kalembera

Pulogalamuyi imalamula chokhacho chomwe chidalembetsedwa m'kaundula wake. Njira yomwe ogulitsa amaonetsa potsatsa malonda ndi yosiririka: foni ichoke m'katoni, iyatsidwe, yokha izindikire kuti mwini wake ndi kampani yakuti, n'kudzikonza. Apple idayamba zimenezi mu 2014, Google mu 2017, ndipo Microsoft idabweretsa Autopilot chaka chomwecho. Ubwino wake ndi wakuti ngakhale wakuba aifomate, ikangogwira intaneti imabwereranso m'khola, ngati ng'ombe yodindidwa chizindikiro pantchafu.

Vuto ndi lakuti kwa Apple ndi Android chidindocho chimaikidwa pogula, ndi wogulitsa wovomerezeka amene amalembetsa nambala ya chipangizo m'dzina la kampani. Nanga ife timagula bwanji? Makoteshoni atatu, wotchipa ndiye wawina, ndipo katundu wake amakatenga ku Dubai, ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam. Malaputopu amabwera ndi Windows Home, yopangidwira pakhomo, yomwe imakana malamulo ambiri a kampani. Mafoni a Huawei otuluka kuchokera pomwe boma la America lidaletsa kampaniyo kugwiritsa ntchito mapulogalamu a Google mu 2019 salowa m'njira ya Google yolamulira mafoni. Za kaunjika nazo zili ndi zawo: laputopu imatha kufika kuno ikadali m'kaundula wa kampani ina ya kunja, ndipo mukangoikamo Windows yatsopano imayamba kufunsa akaunti ya kampaniyo.

Zikatero kalembera ndi wapamanja. Tabuleti iliyonse ibwere ku ofesi, ifomatidwe, ijambule kachizindikiro ka QR. Za Apple zimalowetsedwa ndi pulogalamu yotchedwa Apple Configurator, koma kwa masiku 30 oyamba wogwiritsa ntchito ali ndi ufulu wochotsa ulamulirowo. Ndipo tabuleti ya Android yolowetsedwa pamanja, ikangopita kwa mnyamata wofulasha mafoni pa Kamuzu Road, yatuluka m'kaundula basi, ngakhale dzina lake likhalabe pa dashibodi ngati la munthu womwalira m'buku la mavoti.

Mphamvu zobwereka

Apa ndi pomwe ogula ambiri amakhumudwa. Kampani yopanga MDM singathe kuchita chomwe Apple, Google kapena Microsoft sadalole. Ili ngati kapitawo pa esiteti: mawu ndi aakulu, koma mphamvu zake ndi zomwe mwini munda adamupatsa, ndipo mawa angathe kumulanda. N'chifukwa chake mapulogalamu opikisana amafanana kwambiri pa zomwe angachite pa iPhone. Kusiyana kumakhala pa maonekedwe a dashibodi ndi mtengo.

Kulandako kudachitikapo. Njira yakale ya Google ya mu 2010 ija idayamba kuchotsedwa mano Android 10 itatuluka mu 2019, moti makampani adayenera kusamutsira mafoni awo kunjira yatsopano. Apple nayo imapereka satifiketi yolola seva kugogoda pa zipangizo zake, ndipo imatha ntchito chaka chilichonse. Iyenera kuwonjezeredwa ndi akaunti yomwe idaitenga poyamba. Ngati amene adaitenga adagwiritsa ntchito akaunti yake yapayekha n'kusiya ntchito, kampani ingathe kudzuka tsiku lina ma iPad onse osamva, n'kuyambiranso kalembera.

Batani limodzi lomwelo limagwiranso ntchito mosiyana pa chipangizo chilichonse. Lamulo likakanika, dashibodi kawirikawiri imangoonetsa nambala yaitali yoyamba ndi 0x, osanena chomwe chavuta, ndiye tsiku limathera pofufuza tanthauzo lake. Komanso kuona si kukonza. Microsoft idasiya kupereka chitetezo chaulere cha nthawi zonse pa Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 komwe malaputopu ambiri akale alibe. Dashibodi ikuwerengerani bwinobwino kuti otere ndi angati. Kugula ena ndi nkhani ya ku ofesi ya zachuma. Pulinta, rauta ndi fulashi yomwe imayenda kompyuta ndi kompyuta, zimenezi nthawi zambiri sizikhalamo n'komwe m'kaundulamu.

Foni ndi yanga, ntchito ndi yawo

Tsopano ku funso la pagulu lija. Zimatengera kuti foni ndi ya ndani, ndipo idalembetsedwa mwa njira iti.

Nkhani ya mlamu uja si nthano. Njira yakale yolumikizira foni ku imelo ya kampani, ya Exchange ActiveSync, inkapatsa wa IT mphamvu yofufuta foni yonse, ndipo anthu ankavomera podina batani osawerenga. Chifukwa cha madandaulo otere opanga mafoni adamanga chipupa. Kuyambira pa Android 5, foni imatha kukhala ndi chipinda chapadera cha ntchito, chomwe mapulogalamu ake amaoneka ndi kachithunzi ka kachikwama. Apple idabweretsa njira yofanana nayo mu 2019 pa iOS 13. Zili ngati kuchititsa lendi chipinda chimodzi m'nyumba yanu: wa lendi ali ndi kiyi wa chipinda chakecho, angathe kusamutsa katundu wake tsiku lomwe wafuna, koma kuchipinda kwanu salowa. Pa foni yolembetsedwa motere wa IT angafufute za ntchito zokha.

Microsoft idalemba poyera zomwe Intune siona: mauthenga, zithunzi, mapasiwedi, manambala osungidwa m'foni, amene mudawaimbira ndi masamba omwe mudatsegula. Zomwe imaona ndi mtundu wa foni, Android kapena iOS yomwe ilimo, ndi mapulogalamu a ntchito. Pa chipangizo cha kampani nkhani ndi ina. Kumeneko wa IT amaona mapulogalamu onse, angathe kufunsa komwe chipangizo chili, kuchifufuta chonse, ngakhale kudutsitsa intaneti yake m'makina a kampani.

Ndiye ogwira ntchito akuopa zachabe? Osati kwenikweni. Munthu wamba alibe njira yapafupi yodziwira kuti walembetsedwa mwa njira iti, ndipo chenjezo lomwe limatuluka polowetsa pulogalamuyi limalembedwa m'Chingerezi choopseza, chotchula mphamvu zonse zomwe zingatheke, osati zomwe kampani yake yasankha. Amangodalira mawu a wa IT. Nayo kampani ili ndi chifukwa chomveka: m'mafoni amenewa muli mayina a alimi, manambala a zitupa zawo za unzika ndi ngongole zawo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu aliyense, wogwira ntchito ndi mlimi yemwe. Lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024, lomwe MACRA idapatsidwa udindo woliyang'anira, limafuna kuti wosunga mbiri za anthu azisamale. Lamulo lomwelo likukankhira kampani kuti ilamule foni, likuiuzanso kuti isapitirire malire.

Ndinong'oneze chimodzi. Chipinda cha ntchito chija chimateteza imelo, koma ntchito yeniyeni kuno imayenda pa WhatsApp, kunja kwa chipindacho. Mndandanda wa alimi amaujambula ndi kamera n'kuuponya pagulu. MDM pamenepo ilibe mawu. Tidayesapo kutseka kujambula sikirini pa matabuleti, anthu n'kuyamba kujambula tabuletiyo ndi foni yawo.

Kiyi mmodzi wotsegula zitseko zonse

Mphamvu yoyenera kuiopa ija ndi iyi. Kuti pulogalamu ithe kulamula zipangizo zonse, iyenera kukhala ndi ulamuliro waukulu pa chilichonse, ndipo zipangizozo zimakhulupirira mawu ake osafunsa. Zili ngati mlonda wa nyumba yogona alendo amene ali ndi kiyi wotsegula zipinda zonse. Wakuba wanzeru sathyola zitseko chimodzichimodzi, amangofuna thumba la mlondayo.

Pa 2 Julaye 2021 gulu la akuba a pa intaneti lotchedwa REvil lidalowa kudzera pa Kaseya VSA, pulogalamu yomwe makampani a IT amayang'anira nayo makompyuta a makasitomala awo. Lidaigwiritsa ntchito kugawa vairasi yotseka mafayilo, mabizinesi pakati pa 800 ndi 1,500 adakhudzidwa, ndipo lidafuna dipo la madola 70 miliyoni. Ku Sweden masitolo a Coop pafupifupi 800 adatseka poti makina olipirira adaima. Mu Julaye 2023 boma la Norway lidalengeza kuti maunduna ake 12 adalowedwa, ndipo khomo lidali chibowo cha mu pulogalamu ya MDM ya Ivanti. Yofanana kwambiri ndi ntchito yathu ndi ya mu Ogasiti 2024 ku Singapore, komwe wina adalowa mu Mobile Guardian, pulogalamu yoyang'anira zipangizo za ana asukulu, n'kufufuta ma iPad ndi ma Chromebook a ophunzira pafupifupi 13,000 a m'sukulu za sekondale 26. Sadafunike vairasi. Adangogwiritsa ntchito mphamvu yofufuta yomwe idalimo kale. Khoswe akakhala pamkhate sapheka: kuti mumuchotse muyenera kuzimitsa chida chomwe mumadalira pokonza zinthu.

Nthawi zina sipakhala ndi wakuba yemwe. Pa 19 Julaye 2024 kampani ya CrowdStrike idatumiza apudeti yolakwika, ndipo makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, malinga ndi Microsoft, adakanika kuyaka. Ndege zidaima, mabanki ndi zipatala zidasokonekera. Pulogalamu yawo ndi yachitetezo, si MDM, koma imakhala pamalo ofanana, mkati mwenimweni mwa kompyuta iliyonse. Chomwe a IT padziko lonse adaphunzira tsiku limenelo ndi chakuti kompyuta yosayaka singalandire lamulo la patali. Ambiri adayenera kufikira kompyuta iliyonse, kuilowa mwanjira yapadera n'kuchotsa fayilo yolakwikayo, ndipo pomwe panali BitLocker, chida cha Windows chobisa zosungidwa m'kompyuta, ankayamba alemba kiyi wa manambala 48. Ku ofesi ya nyumba imodzi ndi ntchito ya tsiku. Kwa ife ndi ulendo wa pa M5, Salima mpaka Dwangwa, kuima pa Benga ndi pa Nkhotakota, mafuta akapezeka.

Wa IT mwiniwake nayenso angalakwitse, posankha gulu lolakwika potumiza lamulo. Mlimi wa mpunga ku Lifuwu akapeza mankhwala achilendo amayamba wapopera kachigawo kamodzi, aone mawa. A IT nawo amalangizidwa zomwezo: kuyesa pa zipangizo zochepa kaye, kuteteza akaunti ya woyang'anira ndi chitsimikizo chachiwiri kuwonjezera pa pasiwedi, komanso kuti malamulo oopsa azivomerezedwa ndi anthu awiri. Ndi malangizo abwino. Kungoti pa ofesi ya anthu awiri, mmodzi akapita kumaliro, wovomereza wachiwiri palibe.

Mtengo ndi kusamuka

Mapulogalamuwa ambiri amalipiridwa pa munthu kapena pa chipangizo, mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, m'madola. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bajeti ya layisensi idasokonekera popanda wogulitsa kusintha kalikonse, ndipo kupeza madolawo kubanki ndi nkhani inanso. Zinthu zina zofunika, monga kulowa pasikirini ya wogwira ntchito kuti umuthandize, ogulitsa ena amazigulitsa padera.

Eni ake a mapulogalamuwa amasinthasinthanso. AirWatch idagulidwa ndi VMware mu 2014, VMware idagulidwa ndi Broadcom mu 2023, ndipo mu 2024 gawo limeneli lidagulitsidwanso n'kukhala Omnissa. MobileIron idapita kwa Ivanti mu 2020. Mukakhumudwa n'kufuna kusamuka, matabuleti a Android olamulidwa kwathunthu ndi kampani amafuna kufomatidwa kuti alowe kwa wogulitsa watsopano, ndiye kuti onse abwere ku ofesi. Alipo mapulogalamu aulere omwe mungaike pa seva yanu, monga Headwind MDM, koma seva imeneyo ifuna magetsi osazima ndi munthu woitseka zibowo.

Mafunso omwe akadali pabwalo

Loyamba ndi la malire. Kodi kampani ingakakamize wogwira ntchito kulowetsa pulogalamu m'foni yomwe adagula ndi ndalama zake? Akakana, imugulire foni ya ntchito kapena imuchotsere imelo? Ndipo ngati wavomera poopa kuchotsedwa ntchito, kumeneko n'kuvomera? Ena amati yankho ndi kulamula mapulogalamu a ntchito okha osakhudza foni, njira yomwe ilipo kale, koma ena amati chipinda chokhoma m'nyumba yodontha sichithandiza.

Lina ndi la komwe kumakhala kaundula. Mayina a ogwira ntchito, manambala a zipangizo zawo ndipo nthawi zina malo omwe ali, zonsezi zimasungidwa pa maseva a kunja. Lamulo la 2024 lija lili ndi zonena pa kutumiza mbiri za anthu kunja kwa dziko, ndipo bungwe laling'ono ngati lathu lilibe mphamvu yokambirana ndi kampani ya ku America kuti isinthe mgwirizano wake. Zikalakwika, wofunsidwa adzakhala ndani: wogulitsa, bungwe, kapena wa IT amene adadina batani?

Pali la chipangizo chomwe chakhala chete. Chizidzifufuta chokha pakapita masiku akutiakuti osalankhula ndi seva? Zikadateteza tabuleti ya ku Thavite. Zikadafufutanso mayina omwe mlangizi wa ku Mwansambo walemba sabata yonse asanapeze netiweki yowatumizira.

Akatswiri sagwirizananso ngati ndi bwino kuika zonse, imelo, mapasiwedi, chitetezo ndi MDM, kwa wogulitsa mmodzi poti n'zotchipa komanso zimamvana, kapena kugawa kuti mmodzi akagwa zina zitsale, ngakhale kuti madashibodi achuluka ndipo anthu owayang'ana ndi omwewo.

Ndipo pali lomwe mlangizi wina adafunsa pagulu lija usiku watha, lomwe mpaka pano ku ofesi ya zachuma sadayankhe: ngati pulogalamuyi ikudya data yanga poimba kulikulu tsiku ndi tsiku, bandulo yake agula ndani?